Wapansi m'midzi ya Cotswolds, kuchokera ku Chipping Campden mpaka pa Cleeve Hill

LACHIWIRI, Chipping Campden

Abale anga tafika bwino, ine ndi alamu anga. Sitima inatitsitsa pa Moreton-in-Marsh chakum'mawa ndipo tinapeza kuti Lachiwiri ndi tsiku la msika kumeneko, msewu waukulu wonse matebulo okhaokha, tchizi, maluwa, masokosi, nsomba, ndipo msewu umenewo ndi womwe analambula Aroma kalekale, amautchula kuti Fosse Way, n'chifukwa chake ndi woongoka chonchija. Tinagula buledi ndi maapozi a panjira n'kukwera basi ya ku Campden.

Njira imene tikutsata ndi Cotswold Way, njira yamiyendo yodutsa m'mapiri a Cotswolds kuno ku England. Yonse ndi makilomita 164 kuchoka kuno mpaka ku Bath, koma ife ku Bath sitikafika ayi, tchuthi n'chachifupi, tingoyenda chigawo cha kumpoto kuno kumene midzi yakale yayandikana.

Campden ndi msewu umodzi wautali wokhota pang'ono, uku nyumba uku nyumba, zonse zamwala wamtundu umodzi wachikasu wokumba m'mapiri omwewa. Ngakhale madenga ndi miyala, yophwatalala, yaikulu amaiyala m'munsi ndipo ikamakwera kumtunda imanka ichepa, mukayang'anitsitsa mpamene mumaona kuti wofolera anasankha mwala uliwonse ndi maso. Funso limene linandibwerera pompo n'lakuti kamudzi kakang'ono chonchi kanazitenga kuti ndalama zomangira zonsezi. Yankho ndi nkhosa. M'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 ubweya wa nkhosa za m'mapiri muno unkagulidwa ndi amalonda a ku Flanders ndi ku Italy pamtengo wapamwamba, moti mpaka lero ku London m'nyumba ya malamulo ya House of Lords wotsogolera zokambirana amakhalira chimtsamiro chodzaza ubweya, kukumbukira kumene chuma cha dzikoli chinayambira.

Tinalowa m'tchalitchi cha St James. Ndi chachikulu kuposa mudzi wake, nsanja yake mamita pafupifupi 36. Pansi cha kuguwa pali chitsulo chamkuwa chojambulapo William Grevel ndi mkazi wake, iyeyo anamwalira mu 1401 ndipo analembapo m'Chilatini kuti anali duwa la amalonda a ubweya a m'England monse. Nyumba yake ikadalipo mumsewu waukulu. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu, nkhope ya mwini ndalama ilipo, dzina lilipo, chaka chilipo, koma wa mbusa amene ankagona m'phiri ndi nkhosazo nthawi ya chisanu sindinaone pena paliponse, ngakhale wa ometa ubweyawo.

Munthu wina amene dzina lake lili paliponse kuno ndi Baptist Hicks, wamalonda a nsalu wa ku London amene ankakongoza ndalama mpaka kwa Mfumu James woyamba. Mu 1612 anamanga nyumba za okalamba osauka 12 pafupi ndi tchalitchi, ndipo mpaka lero mukukhala anthu, tinaona makatani ndi miphika yamaluwa pakhomo. Mu 1627 anamanga chisakasa chamwala pakati pa msewu choti ogulitsa batala, tchizi ndi nkhuku azibisala mvula, pansi pake miyala inaperepeseka n'kukhala yokwera yotsika chifukwa cha mapazi a anthu a zaka 400. Chinyumba chake chenicheni anachitentha asilikali a mfumu mu 1645 pa nkhondo yapachiweniweni kuti adani asakhalemo, chatsala ndi geti ndi tinyumba tiwiri todyeramo maphwando.

Koma chimene chandisangalatsa kwambiri lero n'chaching'ono. Moyang'anana ndi nyumba za okalamba zija pali kadzenje kowaka ndi miyala m'mbali mwa msewu, kotsetsereka mbali zonse ziwiri. Alamu ankati mwina n'pomwetsera mahatchi. Ayi, ankalowetsamo ngolo m'madzi kuti matabwa a mateyala afufume, chitsulo chozungulira chisavuke nthawi yadzuwa, komanso kutsuka matope. Mulibe madzi pano, koma sanakwiriremo kapena kuikapo poimika magalimoto.

Madzulo tinakwera masitepe a nyumba yakale ya fakitale ya silika mu Sheep Street. Mu 1902 C. R. Ashbee anasamutsira kuno amisiri ake a Guild of Handicraft kuchoka ku East End ya London, pamodzi ndi mabanja awo anthu pafupifupi 150, poganiza kuti ntchito yamanja ikhala bwino kumudzi. Bizinesiyo sinakhalitse koma banja la a Hart linatsala ndipo mpaka lero likusula siliva m'chipinda chomwecho, nyundo zili mbwee pamatebulo, mapepala akale atapachikika kudenga. Anatilola kuima n'kumaonerera osatifunsa ngati tigula.

LACHITATU, Broadway

Poyambira njira pali mwala wozungulira pansi, pafupi ndi chisakasa cha msika chija. Kuchoka apo mumangotsata kachizindikiro ka chipatso cha mtengo wa oak kamene anakhoma pamitengo ndi m'mageti.

Ndifotokozeko za njirazi chifukwa anthu ambiri amene tikukhala kuno ku UK sitizidziwa, timangodziwa basi ndi sitima ndi ku ntchito. Ku England kuli tinjira tamiyendo timene lamulo limatiteteza, tambiri n'takale kuposa mipanda imene timadutsa, tinali ta anthu popita kutchalitchi, kumsika ndi kumunda. Kanjira kotere kakadutsa pakati pa munda wa munthu, mwini munda alibe mphamvu yokutsekera, iwenso ulibe mphamvu yochoka m'kanjirako n'kumapondaponda mbewu zake. Pampanda amaika kamakwerero kathabwa kodumphira, kapena kageti kolowera munthu mmodzimmodzi kamene nkhosa singathe kudutsa. Lamulo lina n'losiya geti mmene walipezera ndi kugwira galu pachingwe pakakhala ziweto. Alamu poyamba ankachita mantha, "Alamu, si kwa eni kuno? Atiitanira apolisi." Ndinawaonetsa pamapu mzere wobiriwira wodukizadukiza, ndipo mlimi woyamba amene tinakumana naye pathirakitala anangokweza dzanja n'kupitirira, mtima wawo unakhala pansi.

Titakwera pang'ono tinafika pa Dover's Hill, pamene phiri limathera mwadzidzidzi ndipo chigwa cha Evesham chimaoneka chonse. Pamenepa kuyambira cha m'ma 1612 loya wina dzina lake Robert Dover anayambitsa masewera a chaka ndi chaka a anthu wamba, kulimbana, kuthamanga, kuvina, ndi ena omenyana mateche m'miyendo, awiri amagwirana m'mapewa n'kumamenyana pamsongolo mpaka wina agwe. Masiku ano amaika udzu m'thalauza kuti zisapweteke kwambiri ndipo amavala malaya oyera ngati a abusa a nkhosa akale. Masewerawa analekeka mu 1852 pamene malo odyetsera ziweto a mudzi wonse anagawidwa n'kutchingidwa ndi mipanda, ndipo anadzawadzutsanso mu 1951. Nkhani yotchinga malo imeneyi ndiiona kuti tiyenda nayo ulendo wonse, chifukwa makoma amiyala okongola amene aliyense amawajambula kunowa ambiri anamangidwa nthawi imeneyo, m'ma 1700 ndi 1800, pamene minda ya mudzi inasanduka ya anthu ochepa ndipo amene analibe mapepala anasanduka aganyu kapena kupita m'mafakitale.

Makomawo koma ndi luso. Mulibe simenti ngakhale dothi. Tinapeza azibambo awiri ndi mayi mmodzi, onse aimvi, akukonza pamene panagumuka, ndi a gulu la anthu ongodzipereka limene limasamala njirazi osalandira kanthu. Mayiyo anandionetsa kuti khoma limakhala mbali ziwiri zopendekera mkati, pakati amathiramo timiyala ting'onoting'ono tothina bwino, mwala uliwonse umakhala pamwamba pa pokumana miyala iwiri yapansi, ndipo amaupendeketsa pang'ono kunja kuti madzi amvula azitsika osalowa mkati. Pamwamba amaimika miyala chamimba kuti ipsinje zonse. Anandipatsa mwala umodzi kuti ndiupezere malo, ndinautembenuza kangapo mpaka unakhala osagwedera, iwo n'kugwedeza mutu n'kuikapo wina pamwamba.

Masana tinafika pa Broadway Tower, kansanja koima pakokha pamwamba paphiri, mamita 312 kuchokera pamlingo wa nyanja. Anakamanga cha m'ma 1798, pulani ya James Wyatt, ndalama za Earl wa ku Coventry, ndipo sikanali ka nkhondo kapena kokhalamo, kanali kokongoletsa malo kuti azikaona ali kwawo kutali. Pambuyo pake William Morris ankabwera kudzapumako, yemwe uja anayambitsa bungwe loteteza nyumba zakale mu 1877. Chapafupi pali chipinda chapansi panthaka chimene anakumba nthawi ya mantha a mabomba a nyukiliya, anthu ankalondera mmenemo mpaka 1991. Mphepo inali yoopsa, sitinakhalitse.

Broadway weniweni ndi msewu wotakata wamitengo, mahotela, mashopu a zithunzi ndi zinthu zakale. Unalemera ndi ngolo zamahatchi zoyenda pakati pa Worcester ndi London, zimene zinkaima pano kusintha mahatchi zisanakwere phiri, ndipo pa Lygon Arms amati Oliver Cromwell, mtsogoleri wa asilikali olimbana ndi mfumu, anagonapo mu 1651 asanakamenye nkhondo ya ku Worcester. Ndi pokongola zedi koma sindinapakonde kwenikweni. Mtsikana amene anatipatsa tiyi pamalo ena anati iye anabadwira konkuno koma amakhala ku Evesham n'kumabwera pabasi, nyumba za m'mudzi wakwawo sangazikwanitse ngakhale ya lendi. Pawindo la ogulitsa nyumba ndinaona mitengo ndipo ndinamumvetsa.

LACHINAYI, Stanway

Lero miyendo yamva. Kuchoka ku Broadway njira imakwera nthawi yaitali m'matope oterera mpaka pa Shenberrow Hill kenako n'kutsika motsetsereka kulowa mu Stanton. Tinanyowa pang'ono, kamvula kowaza kosatha kaja.

Stanton ndi kamudzi kamene mukakaona mumaganiza kuti palibe chinasinthapo kuyambira m'ma 1600, koma zoona zake n'zakuti pofika 1900 kanali katatha, nyumba zikugwa, anthu akuthawa chifukwa ulimi unalowa pansi. Amene anakadzutsa ndi Philip Stott wa ku Oldham, katswiri wojambula mapulani a mafakitale a thonje, amene anagula pafupifupi mudzi wonse mu 1906 n'kumakonza nyumba imodziimodzi mpaka pamene anamwalira mu 1937, anabweretsanso madzi ndi nyali za mumsewu. Ndiye kuti ubweya unamanga, umphawi unasunga chifukwa panalibe wa ndalama zogwetsera n'kumanga zatsopano, kenako ndalama za thonje zinadzakonza. Mulibe shopu ngakhale imodzi m'mudzimo. Tinayenda msewu wonse masana dzuwa litatulukako ndipo tinakumana ndi munthu mmodzi yekha wokwera hatchi.

Tchalitchi cha St Michael chinali chosakhoma, ndipo izi ndaziona m'midzi yonse, umangokankha chitseko cholemera n'kulowa, mulibe mlonda, pali kabokosi ka zopereka ndi kabuku kolembamo alendo. Kumbuyo kwenikweni kuli mabenchi akale kwambiri akuda, ndipo pamitu yake pali mikwasa yozama yozungulira thabwa. Amati ndi pamene abusa a nkhosa ankamangirira agalu awo ndi matcheni akabwera kudzapemphera, galu akamakoka tcheni chinkadya thabwalo pang'onopang'ono. Ndinalowetsa chala mumkwasamo, ndi mosalala, mozama mpaka chala kubisika theka. Abale, chiyambire ulendowu ndi pano pamene ndakhudza chinthu chimene anasiya mbusa mwiniwake. Anawakhazika kumbuyo kufupi ndi khomo, iwo ndi agalu awo, koma ankabwera sabata ndi sabata mpaka thabwa linadyeka. Alamu anakhala pabenchipo n'kupemphera, ine ndinangokhala chete pambali pawo.

Tinadya pa Mount Inn kumtunda kwa mudzi, kenako ulendo wa ku Stanway, pafupi kwambiri ndipo ndi pathyathyathya. Apa m'madambo a nkhosa nthaka ili ndi mizere italiitali yokwera ndi kutsika, ngati munda wa chimanga wolimidwa bwino umene wamera kapinga, kungoti mzere uliwonse ndi wotakata mamita angapo. Imeneyi ndi minda ya anthu a m'mudzi ya zaka mazana apitawo. Munda waukulu unkagawidwa timagawo tatitali, banja lililonse timagawo take apa ndi apo kuti aliyense alaweko nthaka yabwino ndi yoipa, ndipo pulawo yokokedwa ndi ng'ombe inkaponyera dothi mbali imodzi yokhayokha chaka ndi chaka mpaka pakati panatukuka. Eni malo ataona kuti nkhosa zikulipira kuposa tirigu anasiya kulima n'kuika udzu, n'chifukwa chake mizereyo inauma momwemo osafafanizika. Dzuwa likapendeka mpamene imaoneka bwino.

Ku Stanway tinachita mwayi chifukwa nyumba yaikulu imatsegulidwa masiku owerengeka chabe nthawi yotentha ndipo Lachinayi ndi limodzi mwa masikuwo. Malowa anali a amonke a ku Tewkesbury kwa zaka mazana ambiri, ndipo nkhokwe yawo yamwala ya cha m'ma 1370, yosungiramo chakhumi cha zokolola za anthu, ikadali chiimire, kukula kwake ngati tchalitchi. Kumbuyo kuli kasupe woponya madzi m'mwamba mamita pafupifupi 90 popanda pampu, madzi amachokera m'thanki pamwamba paphiri n'kutsika m'paipi ndi mphamvu yawo yokha, anamutsegulira mu 2004. Akamatsegula amayamba pang'onopang'ono kenako phokoso, ana onse kukuwa. Tsidya la msewu kuli kanyumba ka osewera kiriketi kofolera udzu, kokhala pamiyala yooneka ngati bowa imene kale ankakhazikapo nkhokwe kuti makoswe asakwere.

Tagona pafamu ina chapafupi. Mayi wapanyumbapo waika nsapato zathu pafupi ndi chitofu atazidzaza manyuzipepala kuti ziume.

LACHISANU, Winchcombe

M'mawa chikweza choopsa kuchoka ku Wood Stanway mpaka pa Stumps Cross, osalankhulana, aliyense ndi mpweya wake. Pamwamba n'pabwino, kenako mumatsika kudutsa m'munda wa zipatso wa Hayles kumene tinamwa juwisi wa maapozi awo omwe.

Hailes Abbey, imene inali nyumba ya amonke, pano ndi mabwinja, makoma ochepa okhala ndi makomo opanda zitseko ndi mizere yamiyala paudzu yosonyeza pamene panali tchalitchi. Anaimanga Richard, Earl wa ku Cornwall, mng'ono wake wa Mfumu Henry wachitatu, mu 1246, pokwaniritsa lonjezo limene anachita kwa Mulungu atapulumuka namondwe panyanja. Mu 1270 mwana wake Edmund anabweretsa kabotolo kamene ankati muli magazi a Yesu, ndipo kuyambira apo anthu ankachokera kutali wapansi kudzakaona, kusiya ndalama, kugona ndi kudya m'midzi yozungulira. Mu 1538 anthu a Mfumu Henry wachisanu ndi chitatu anakatenga kabotoloko n'kulengeza kuti munali uchi wothira zokometsera zachikasu, ndipo pa 24 December 1539 amonke anapereka makiyi. Mtovu wa padenga unachotsedwa, miyala inatutidwa kukamangira nyumba zina. Ine chimene chimandikhudza si kabotoloko, ndi anthu aja, odwala, olira, amene anayenda masabata ambiri m'tinjira tomwe tikuyendamoti ali ndi chikhulupiriro chawo chonse, ndiponso a m'midzi amene ankadyera pa alendowo n'kudzuka tsiku lina msika wawo utatha ndi lamulo lochokera ku London.

Musadumphe katchalitchi kakang'ono tsidya la msewu, n'kakale kuposa abbey yomweyo. M'makoma muli zithunzi zopenta za zaka 700 zapitazo, Christopher Woyera wamtali kufika kudenga, ndi mlenje wina ndi agalu ake akuthamangitsa kalulu amene wabisala pansi pa kamtengo.

Tsopano nkhani imene yandigwira mtima lero, ndipo a ku Kasungu, ku Dowa ndi ku Mchinji mumvetsere. Ku Winchcombe kuno ankalima fodya. Inde, ku England, m'dziko lozizira limeneli. Amonke a kuno atathamangitsidwa ndipo malonda a ubweya atachepa, tawuniyi inasauka kwambiri, ndiye cha m'ma 1619 wamalonda wina John Stratford anabzala fodya m'minda yozungulira kuno ndipo anthu ambiri anapeza ganyu. Nthawi yomweyo Mfumu James analetsa kulima fodya m'England, osati chifukwa cha thanzi la anthu, koma kuti fodya wa ku Virginia ku America, amene ankalipira msonkho padoko, asakhale ndi wopikisana naye. Stratford anagwa nazo. Koma anthu wamba anali ataphunzira kale ntchitoyo ndipo anapitiriza m'timinda tawo kwa zaka pafupifupi 70, boma likutumiza anthu odzazula, iwo akubzalanso. Mu 1658 asilikali amene anatumidwa cha ku Cheltenham anabwezedwa ndi khamu la alimi, amuna ndi akazi omwe, ndipo mu 1667 anatumiza mpaka asilikali olondera mfumu kuti adzapondeponde fodya wa ku Winchcombe ndi mahatchi. Chimene chinadzathetsa ulimiwu pamapeto ndi mtengo, fodya wa ku Virginia anatchipa kwambiri moti wa kuno sakanapikisana naye, ndipo anatchipa pa nthawi imene minda ya kumeneko inkadzaza ndi akapolo ochokera ku Africa.

Ine ndinakulira pa fodya. Ndikudziwa kuthirira nazale mbandakucha, kuwokera mvula ikugwa, kuthyola manja akuda bii ndi utomoni wowawa uja, kusoka mpaka usiku, kupachika m'chigafa, kudinda mabelo kenako kudikira kuti ku okushoni anena zotani, fizi yathu yonse ili m'manja mwa anthu amene sitinawaonepo. Ndiye nditaima pa kamsewu kena ka nyumba zatsopano kolembedwa kuti Tobacco Close misozi inalengeza, alamu anandigwira dzanja, "Alamu, mwakumbuka bambo eti?" Ndinawakumbukadi. Munthu amene waika miyezi yonseyo pambewu n'kuona mahatchi akulowa m'munda mwake masamba atakhwima, ameneyo ndikumudziwa ngakhale dzina lake silinalembedwe.

Tchalitchi cha St Peter ndi cha m'ma 1460, kunja kwake kuli nkhope zosema pamwala pafupifupi 40, zina zoseka zina zokwiya, imodzi yovala chipewa chachitali, anthu amati amisiri ankasema akuluakulu a m'tawuni amene ankawadziwa. Winchcombe inali malo ofunika a mafumu a Mercia, ufumu wakale wa pakati pa England, zaka zoposa 1,000 zapitazo ndipo inali ndi abbey yakeyake yaikulu, koma ya kunoyi sinatsale ngakhale khoma. Tawuniyi ndaikonda kuposa Broadway, muli butchala, muli shopu ya misomali ndi penti, ana asukulu akudikira basi, anthu akukhalamo ndithu. Madzulo tinamva kulira kwa sitima yamalasha ya pakati pa Broadway ndi Cheltenham, njanji imene inatsekedwa mu 1976 n'kudzutsidwanso ndi anthu ongodzipereka.

LOWERUKA, Cleeve Hill

M'mawa tinatsika Vineyard Street, kuwoloka kamtsinje ka Isbourne n'kulowa ku Sudeley Castle. Ndalama yolowera ndi yokwererapo koma alamu ankafunitsitsa kuona manda a Katherine Parr, mkazi womaliza mwa akazi 6 a Henry wachisanu ndi chitatu. Mfumuyo itamwalira iye anakwatiwa ndi Thomas Seymour n'kubwera kudzakhala kuno, ndipo anamwalira mu September 1548 patangopita masiku ochepa atabereka mwana wake woyamba, wamkazi. Mfumukazi yonse, ndi chuma chonsecho, kufa ndi uchembere. Alamu ndi namwino ndipo anakhala nthawi yaitali pamandapo. Nyumbayi inaphwasulidwa itatha nkhondo yapachiweniweni moti manda ake anaiwalika mpaka 1782 pamene anawapezanso m'mabwinja a tchalitchi. Mu 1837 anaigula abale awiri a banja la Dent amene analemera ndi kusoka magolovesi ku Worcester, ndipo Emma Dent ndi amene pambuyo pake anabweretsa madzi a m'mipope ku Winchcombe.

Kuchoka apo n'chikweza chachitali kudutsa m'minda ndi m'nkhalango mpaka pa Belas Knap. Ndi chulu chachitali choposa mamita 50, manda a anthu amene anakhala kuno zaka zoposa 5,000 zapitazo, asanadziwe chitsulo. Kutsogolo kuli chimene chimaoneka ngati khomo lalikulu koma silipita kulikonse, zipinda zenizeni zili m'mbali, zazifupi zolowa chokwawa, ndipo atakumba m'ma 1860 anapezamo mafupa a anthu oposa 30, ana omwe. Ndinagwada pakhomo labodzalo kuyang'ana miyala yopyapyala yosanjikizana, mulibe dothi lomatira, uliwonse wakhala pamwamba pa pokumana iwiri yapansi, ndendende mmene mayi uja anandionetsera Lachitatu.

Kenako Cleeve Common, thengo lalikulu la udzu pamwamba paphiri lopanda mipanda yodula pakati. Awa ndi ena mwa malo ochepa amene sanagawidwe, mpaka lero pali mafamu ozungulira amene ali ndi ufulu wakale wodyetsapo nkhosa, ndipo aliyense angayendepo paliponse osati m'kanjira mokha. Nkhosa, osewera gofu, okwera mahatchi, ana ouluza makaiti, onse malo amodzi. Pamwamba penipeni ndi mamita 330, palibe pena pokwera kuposa apa m'Cotswolds monse, pansi mukuona bwalo la mpikisano wa mahatchi la Cheltenham, kutsogolo mapiri a Malvern, ndipo kunja kukayera amati mpaka mapiri a ku Wales.

Amene mwandifunsa ku inbox za ndalama, chodula kwambiri ndi pogona, makamaka ku Broadway, bukitsani msanga kapena gonani ku Evesham kapena ku Cheltenham n'kumabwera pabasi. Njira yokha ndi yaulere, matchalitchi ndi aulere, Dover's Hill, Belas Knap ndi Cleeve Common n'zaulere. Nsapato zikhale zosalowa madzi, tengani jekete la mvula ngakhale kucha kuli dzuwa, madzi akumwa ndi kamba wokwanira chifukwa pakati pa Broadway ndi Winchcombe mashopu ndi osowa. Mabasi a m'midzi Lamulungu ndi osowa, n'chifukwa chake ife tathera lero. Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha yendani kuchoka ku Stanton kudzera ku Stanway ndi ku Hailes mpaka ku Winchcombe, ndi makilomita 12 kapena 13, ndipo mukalowa m'tchalitchi cha ku Stanton mupite kumabenchi akumbuyo. Basi ya ku Cheltenham tikukwerera pamsewu m'munsi mwa phirili, alamu mawa ali pa shifiti ya usiku.